Vesper wa James Bond: Kukonzanso Chakumwa Chimene Mabotolo Ake Anasintha

Vesper ndi chakumwa chaukali chosakaniza chimene chinayamba kutchulidwa m'buku la Casino Royale, limene Ian Fleming analemba ali ku Jamaica mu 1952 ndipo linasindikizidwa ku London mu April 1953. Ili ndi buku loyamba la nkhani za James Bond, kazitape wa boma la Britain. M'mutu wachisanu ndi chiwiri, Bond ali pabala ya nyumba ya juga m'tauni yongopeka ya ku France pamodzi ndi Felix Leiter, kazitape mnzake wa ku America, ndipo akulangiza woperekera mowa mmene amukonzere chakumwa. Akufuna miyezo itatu ya jini wa Gordon's, muyezo umodzi wa vodka, ndi theka la muyezo wa Kina Lillet. Zonsezi zikhutchumulidwe ndi ayezi mpaka zizizire kwambiri, zithiridwe m'tambula yakuya ya shampeni, kenaka aikemo khoko la ndimu lalikulu koma losendedwa mopyapyala. Dzina la chakumwacho likubwera pambuyo pake, pamene Bond akudya chakudya chamadzulo ndi Vesper Lynd, mkazi amene anatumizidwa kuti agwire naye ntchito.

Kwa zaka zambiri chakumwachi chinkangodziwika kwa owerenga mabuku. Chinadzuka mu 2006, pamene kanema wa Casino Royale, momwe Daniel Craig anasewera ngati Bond, anabwereza miyezo ija monga inalembedwera. Kuyambira pamenepo dzina la Vesper linalowa pa mindandanda ya zakumwa m'mahotela a mizinda yambiri, kuphatikizapo Pretoria, mzinda wodzaza ndi akazembe ndi alendo awo, kumenenso Amalawi ambiri amagwira ntchito yoperekera zakudya ndi zakumwa ku Hatfield, Brooklyn ndi Menlyn. Woperekera amene wapatsidwa oda ya Vesper amakumana ndi vuto limene kasitomala nthawi zambiri saliona. Fleming analemba mayina a mabotolo, osati kakomedwe ka zimene zinali m'mabotolomo, ndipo pa zinthu zitatu zija palibe ndi chimodzi chomwe chimene chili monga chinalili mu 1953. Zili ngati njira imene munthu anailongosola ndi mtengo wa mkuyu wa pamphambano, mkuyuwo n'kudzadulidwa: mawu a wolongosolayo akadali oona, koma woyenda lero ayenera kufunsa kuti mtengowo unali pati.

Kusintha kwa jini n'kosavuta kukumvetsa chifukwa kumayezeka. Gordon's, amene Alexander Gordon anayamba kutcheza ku London mu 1769, ndi jini wouma, wopanda shuga, amene fungo lake lalikulu limachokera ku tizipatso ta juniper. Gordon's wotumizidwa kunja, amene bala ya ku France ikanakhala naye, anali wa mphamvu ya 47.3 peresenti. Ku Britain kwenikweniko mphamvu yake inatsitsidwa, ndipo mu 1992 inachoka pa 40 kufika pa 37.5 peresenti, chinthu chimene chimachepetsa msonkho umene kampani imalipira pa botolo lililonse. Ena angaone ngati kusiyana kwa magawo khumi n'kwa oledzera okha, koma nkhani yake ndi ya fungo. Mafuta onunkhira a juniper ndi a mbewu za coriander amasungunuka mu mowa, osati m'madzi. Jini wofooka amanyamula mafutawo pang'ono, ndipo akakumana ndi madzi a ayezi wosungunuka amazirala msanga, kusiya chakumwa chozizira koma chosamveka m'mphuno.

Apa woperekera wa ku Pretoria ali pabwino kuposa mnzake wa ku London. Kwa zaka zambiri malamulo a South Africa okhudza zakumwa zaukali ankafuna kuti jini, vodka, brandy ndi whisky zisatsike pa 43 peresenti, ndipo Gordon's wogulidwa m'sitolo ya ku Sunnyside wakhala ali waukali kuposa wa m'sitolo ya ku England. Malamulo amasintha, choncho chizolowezi chabwino n'kuwerenga nambala ya palebulo nthawi zonse. Masamu ake ndi achidule. Jini wa 47.3, vodka wa 50 ndi Lillet wa 17, m'miyezo ya Fleming, zimapereka chosakaniza cha mphamvu ya 44 ndi theka ayezi asanalowe. Jini ndi vodka zikakhala za 43, mphamvu imakhala pafupifupi 40. Zikakhala za 37.5, imagwa kufika pa 35. Chotero wogwiritsa ntchito mabotolo a 43 waima pakati pa njira, ndipo wofuna kuyandikira kwambiri afune jini wouma wa mtundu wa London dry wa mphamvu ya 47, ngakhale dzina lake lisakhale Gordon's.

Pali chiyeso chimodzi chimene chimagwira mabala a ku South Africa. M'zaka zaposachedwapa dzikoli latulutsa majini ambiri onunkhira zitsamba za fynbos za ku Cape, monga Inverroche wa ku Stilbaai, ndipo ena ndi abwino zedi. Koma jini wa maluwamaluwa amasandutsa Vesper kukhala chakumwa china. Miyezo itatu mwa inayi ndi theka ndi ya jini, ndiye khalidwe la jiniyo ndilo khalidwe la tambula yonse. Yemwe akufuna kukoma kwa 1953 asankhe jini amene juniper ali patsogolo. Mmalawi wozolowera Malawi Gin angayesere naye kunyumba, koma adziwe kuti akupanga chakumwa cha pachibale, osati Vesper wa m'buku.

Za vodka n'zochepa. Ntchito yake m'chakumwachi ndi kuchepetsa kulimba kwa fungo la jini popanda kufoola mphamvu. Vodka wa 50 peresenti ankapezeka kwambiri m'masiku a Fleming kuposa lero, pamene mabotolo ambiri ali pa 40 kapena 43. Bond mwiniyo akuuza woperekera kuti vodka wotchezedwa kuchokera ku mbewu monga tirigu angapose wa mbatatesi. Malangizowa ndi osavuta kuwatsata, popeza vodka wambiri wa masiku ano ndi wa mbewu.

Mutu weniweni wa nkhaniyi ndi theka la muyezo lija. Kampani ya Lillet inakhazikitsidwa mu 1872 ndi abale awiri, Paul ndi Raymond Lillet, m'tauni ya Podensac kum'mwera kwa Bordeaux, ndipo Kina Lillet anayamba kugulitsidwa mu 1887. Anali vinyo woyera wothiridwa mowa wonyikidwamo makoko a malalanje ndi khungwa la mtengo wa cinchona, m'gulu la zakumwa zimene Afalansa amazitcha quinquina. Khungwa limeneli, lochokera kumapiri a Andes ku Peru, Bolivia ndi Ecuador, ndilo gwero la kwinini, amene akatswiri awiri a ku Paris, Pelletier ndi Caventou, anamulekanitsa ndi khungwalo mu 1820. Mavinyo a kwinini anabadwa pa chifukwa cha malungo. Maiko a ku Ulaya amene ankalanda madera otentha ankafuna njira yomwetsera asilikali mankhwala owawa, ndipo Dubonnet, amene anatuluka mu 1846, ankathandiza asilikali a France ku North Africa kumeza kwinini osachita tsinya.

Wowerenga wa ku Malawi safunika kumuuza kuwawa kwa kwinini, ndipo mbiri ya dzikolo ili ndi mankhwalawa mkati mwake. David Livingstone ankayenda ndi mapiritsi a kwinini wosakaniza ndi mankhwala otsegula m'mimba, amene pambuyo pake anagulitsidwa pa dzina la Livingstone's Rousers. Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya ku Magomero anamwalira ndi malungo mu January 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, bwato lake litagubuduzika n'kutaya mankhwala m'madzi. Kuwawa kumene Azungu a m'mphepete mwa Shire ankakumeza kuti apulumuke ndi komweko kumene anthu a ku Bordeaux anakusandutsa chokometsera chilakolako cha chakudya. Ndiko kumene kunkamveka kumapeto kwa lilime munthu akamwa Vesper woyambirira.

Zokonda za anthu zitasintha, Lillet nayenso anasintha. Mawu oti Kina anachoka palebulo. Mu 1985 kampaniyo inagulidwa ndi Bruno Borie, wa banja la eni minda ya mphesa ku Bordeaux, ndipo mu 1986 kakonzedwe kake kanasinthidwa kuti chakumwacho chikhale chopepuka, chomveka zipatso, chosawawa kwambiri. Chimenechi ndicho Lillet Blanc wa lero, wa 17 peresenti, amene kuyambira 2008 ali m'manja mwa Pernod Ricard. Ndi chakumwa chokoma pachokha, ndi ayezi ndi kachidutswa ka lalanje. Koma theka la muyezo wake, likamira m'miyezo inayi ya mowa waukali, limangosiya kutsekemera pang'ono ndi kafungo ka lalanje. Vesper wotere ndi jini wozizira wofewetsedwa, ndipo ndi amene amaperekedwa m'mabala ambiri.

Kuti Kina Lillet wakale ankawawa motani ndi nkhani imene akatswiri amatsutsana. Mabotolo akale amene atsala sangathetse mkanganowo, chifukwa vinyo amene wakhala zaka makumi asanu ndi limodzi m'botolo sakomanso monga ankakomera ali watsopano. Wolemba mabuku Kingsley Amis, amene ankakonda Bond komanso ankadziwa mowa, ankaona kuti Fleming analakwitsa, ndipo kuti chimene chinkayenera kulowa m'chakumwacho ndi vermouth wouma wa kampani yomweyo, popeza Kina akanachiwawitsa mopitirira. Fleming mwiniyo, m'kalata imene analembera nyuzipepala ya Manchester Guardian mu 1958, anavomera kuti chakumwa chimene anapangira Bond anadzachilawa patapita miyezi ingapo ndipo sichinamukomere. Umboni umenewu ndi wofunika. Ukupereka chithunzi chakuti Vesper wa 1953 ayenera kuti anali ndi kuwawa komveka, ndipo ukuchenjezanso kuti kutsata buku mokhulupirika sikutsimikiza kuti kasitomala akondwera.

Njira zobwezera kuwawako zilipo zingapo, ndipo sizofanana. Yofala kwambiri ndi kugwiritsa ntchito Cocchi Americano, vinyo wonunkhira wa ku Asti ku Italy, amene kampani ya Giulio Cocchi inayamba kupanga mu 1891. Ali ndi cinchona, muzu wowawa wa gentian ndi makoko a malalanje, ndipo ambiri amamuona ngati wapafupi kwambiri ndi Kina wakale. Ena amasunga Lillet Blanc n'kudonthezamo dontho limodzi kapena awiri a Angostura, koma izi zimadetsa mtundu wa chakumwa ndi kubweretsa fungo la zokometsera zimene sizinalimo. Enanso amanyika okha khungwa la cinchona mu vodka kapena kuthira ufa wa kwinini, ndipo njira imeneyi si yoyenera bala. Kuchuluka kwa kwinini m'khungwa kumasiyanasiyana, woperekera alibe choyezera, ndipo aliyense amene anamwapo kwinini kuchipatala amadziwa kulira kwa makutu, chizungulire ndi nseru zimene amabweretsa akachuluka. N'chifukwa chake maboma amaika malire: ku United States, mwachitsanzo, tonic saloledwa kupitirira mamiligalamu 83 a kwinini pa lita.

South Africa ili ndi yankho lakelake, ndipo mbiri yake ndi ya vuto lomweli. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ku Cape kunkapangidwa vinyo wa kwinini wotchedwa Caperitif. Anatchuka mpaka kulowa m'buku la The Savoy Cocktail Book la Harry Craddock, la mu 1930, m'zakumwa za mayina a ku South Africa monga Barney Barnato, Spion Kop, Modder River, Biltong Dry ndi Oom Paul. Chomalizachi, chosakaniza Caperitif ndi brandy wa maapulo wa Calvados, chinatchedwa dzina la Paul Kruger, mtsogoleri wakale wa Maburu, amene nyumba yake ikadalipo mumzinda wa Pretoria ndipo chiboliboli chake chili pa Church Square, munthu amene amadziwika kuti sankamwa mowa. Kenaka Caperitif anasiya kupangidwa, ndipo kwa zaka zambiri operekera a ku London ndi New York ankawerenga dzinalo m'buku osadziwa kuti linkakoma bwanji. Chapakati pa zaka za m'ma 2010, Adi Badenhorst, wopanga vinyo pa famu ya Kalmoesfontein ku Swartland, pamodzi ndi Lars Erik Lyndgaard Schmidt wa ku Denmark, anamupanganso kuchokera ku vinyo wa Chenin Blanc, khungwa la cinchona ndi zitsamba za ku Cape. Caperitif watsopanoyu nayenso ndi wongoyerekeza wakale, ndipo kakomedwe kake kamasiyanako gulu ndi gulu la mabotolo. Mu Vesper amabweretsa kuwawa kofunikako, mtundu wagolide, ndi fungo la zitsamba loposa la Lillet. Sali Kina Lillet, koma amagwira ntchito imene Kina ankagwira, ndipo ku Gauteng amapezeka mosavuta kuposa mabotolo a ku Italy.

Kusakhulupirira lebulo si phunziro lachilendo ku Pretoria. Mu 1883 Kruger yemweyo anatsegulira fakitale yotcheza mowa ya Hatherley kum'mawa kwa mzindawu, imene Alois Nellmapius anapatsidwa chilolezo choimanga ndipo pambuyo pake inakhala m'manja mwa Sammy Marks ndi Isaac Lewis. Dzina lake lina, Eerste Fabrieke, likadali pa siteshoni ya sitima pafupi ndi Mamelodi. Wolemba mbiri Charles van Onselen anafotokoza mmene m'zaka za m'ma 1890 amalonda a ku Rand, dera la migodi, ankatengera mowa wotchipa, wina wa mbatatesi wochokera ku Germany kudzera ku Delagoa Bay, n'kuuthira zopatsa mtundu ndi fungo, kuuika m'mabotolo a malebulo abodza a zakumwa zodula, ndi kugulitsa woipitsitsa kwa anthu akuda a m'migodi. Ndiponso m'chaka chimene Casino Royale inatuluka, munthu wakuda wa ku Pretoria akanatha kunyamula Vesper pa thireyi koma lamulo silinkamulola kugula jini wothiramo, chifukwa chiletso cha mowa wa Azungu chinachotsedwa mu 1962.

Kakonzedwe kake pabala ya lero kangayende motere. Toti ya ku South Africa ndi mamililita 25, ndiye miyezo ya Fleming ikutanthauza matoti atatu a jini, toti imodzi ya vodka ndi theka la toti ya vinyo wa kwinini. Wogwiritsa ntchito Cocchi kapena Caperitif asunge theka lomwelo. Wokhala ndi Lillet Blanc yekha angaonjezere pang'ono, podziwa kuti akuonjezera kutsekemera, osati kuwawa. Tambula iyambe yakhala mufiriji. Ayezi akhale wouma ndi wolimba, wongotuluka kumene mufiriza. Pretoria amatentha kuyambira October mpaka March, ndipo ayezi amene wakhala m'ndowa pakauntala, kapena amene anafewa magetsi atazima, amakhala atakutidwa ndi madzi ndipo amasukulutsa chakumwa chisanazizire n'komwe.

Buku likunena zokhutchumula, ngakhale operekera ambiri amaphunzitsidwa kuti chakumwa cha mowa wokhawokha chimatakasidwa ndi supuni yaitali kuti chikhale choyera ngati galasi. Pa Vesper kukhutchumula kuli ndi chifukwa. Kumaziziritsa msanga ndipo kumalowetsa madzi ochuluka, amene chosakaniza cha 44 peresenti chimawafuna kuti chimweke. Koma izi zikutanthauzanso kuti nthawi yokhutchumula iyenera kutsata mphamvu ya mabotolo. Wa jini wa 47 akhutchumule mokwanira, mpaka chitsulo cha shaker chichite nkhungu ndi kuluma zala. Wa jini wa 43 afupikitseko. Wa jini wa 37.5 akachita monga buku likunenera apereka madzi onunkhira. Posefa ndi bwino kugwiritsa ntchito kasefa ka mabowo ang'onoang'ono kuti tizidutswa ta ayezi tisagwere m'tambula. Khoko la ndimu lisendedwe popanda choyera cha mkati, lifinyidwe pamwamba pa chakumwa mbali yachikasu itayang'ana pansi, mpaka timadontho ta mafuta tioneke tikuyandama, kenaka liponyedwemo. Ndimu yofunika apa ndi yachikasu ija, osati kandimu kobiriwira ka lime. Botolo la Lillet, Cocchi kapena Caperitif likatsegulidwa lisungidwe mufiriji, chifukwa ndi vinyo ndipo limaguga pa milungu yochepa. Vesper woipa wambiri amachokera ku botolo limene laima pashelefu yotentha kwa theka la chaka.

Zakumwa zina za m'mabuku a akazitape sizivuta chonchi, ndipo chifukwa chake chimaunikira vuto la Vesper. M'buku la Graham Greene la Our Man in Havana, la mu 1958, anthu amamwa daiquiri, amene ndi rum, madzi a lime ndi shuga basi. Palibe kampani imene ingasinthe lime, ndiye chakumwacho chimapangika lero monga kale. M'buku lake lina, The Human Factor, la mu 1978, kazitape Maurice Castle, amene anagwirapo ntchito ku Pretoria, amamwa whisky wa J&B chifukwa ndi wotuwa, kotero kuti muyezo waukulu umaoneka ngati waung'ono pamaso pa ena. Botolo limenelo likadali m'masitolo ndipo likadali lotuwa. Ngakhale Americano, chakumwa choyamba chimene Bond akuitanitsa mu Casino Royale, cha Campari, vermouth wofiira ndi soda, chinakhudzidwa pang'ono chabe pamene Campari anasiya kutenga mtundu wake wofiira ku tizilombo ta cochineal cha mu 2006. Vesper yekha ndiye anamangidwa pa botolo limene linasintha khalidwe.

Chotsala ndi kukula kwa chakumwachi, kumene woperekera ayenera kukudziwa bwino kuposa womwa. Matoti anayi a mowa wa 43 peresenti ndi theka la toti ya vinyo ali ndi mowa weniweni wokwana pafupifupi mamililita 45. Botolo la mowa wamba la mamililita 340 la 5 peresenti lili ndi 17, ndiye tambula imodzi ya Vesper ikuposa mabotolo awiri ndi theka, ndipo imatha m'mphindi zochepa chifukwa kuzizira kumabisa ukali. Bala ya hotela ya Dukes ku London, imene imatchuka ndi dzina la Fleming, siilola munthu kupitirira matambula awiri a martini, gulu la zakumwa limene Vesper alimo. Malire a lamulo kwa woyendetsa galimoto ku South Africa ndi magalamu 0.05 a mowa pa mamililita 100 a magazi, ndipo kwa oyendetsa galimoto zaganyu ndi 0.02, kotero Vesper mmodzi wa miyezo yonse akhoza kumufikitsa munthu pamalirewo kapena kumudutsitsa. Mabala ambiri amachepetsa miyezo yonse mofanana, mwachitsanzo mamililita 45 a jini, 15 a vodka ndi 7.5 a vinyo wa kwinini. Kakomedwe sikasintha malinga ngati kagawidwe ka zitatu, chimodzi ndi theka kasungidwa, ndipo tambula yaing'ono imatha isanafunde.